Chimbale chachiwiri cha psychedelic rock: mugule mapedulo kapena mudalire ma plugin?

Funso limeneli lafunsidwa kokwanira ndi oimba gitala a muno mu Lilongwe, makamaka amene chimbale choyamba anatulutsa kale ndipo pano akukonzekera chachiwiri. Choyambacho ambiri amachijambula monga momwe amaimbira pa siteji: ng'oma, besi, gitala imodzi kapena ziwiri, mawu a woimba, basi. Pofika pa chachiwiri aliyense amafuna kuti kamvekedwe kakule, gitala imveke ngati ikuyandama pamadzi, ng'oma zizizungulira m'makutu mwa womvera. Koma ndalama zimene gulu lasonkha n'zokwana njira imodzi yokha. Ndiye zipite ku mapedulo, tizida topondera pansi tosintha kamvekedwe ka gitala, kapena ku kompyuta ndi ma plugin, timapulogalamu togwira ntchito yomweyo?

Mtima wanga uli ku mapedulo ndipo sindibisa. Si pa chilichonse ayi, pali ntchito zina zimene kompyuta imagwira bwino kuposa pedulo iliyonse. Ma plugin ndimawasungira chakukhosi chifukwa cha kalipiridwe kake, ndipo pamenepo ndikhalitsapo.

Poyamba timvetsetse chimene chimasintha pa chimbale chachiwiri, popeza ndi chimenecho mukuchigulira zida. Gulu la The Jimi Hendrix Experience linatulutsa Are You Experienced mu Meyi 1967, ndipo mu Disembala chaka chomwecho linatulutsa Axis: Bold as Love. Oimba anali atatu omwewo, Hendrix pa gitala, Noel Redding pa besi ndi Mitch Mitchell pa ng'oma. Chinakula ndi ntchito ya m'situdiyo, ku Olympic Studios mu London, komwe Eddie Kramer ankawajambula. Kumapeto kwa nyimbo imene chimbalecho chinatengako dzina, ng'oma zimamveka ngati ndege ikudutsa pamwamba pa denga. Kamvekedwe kameneko, kamene lero flanger imakatsanzira, ankakapanga ndi makina awiri a tepi oimba chinthu chimodzi nthawi imodzi, wina akuchedwetsedwa pang'ono kwambiri. Mu Little Wing gitala inadutsa mu Leslie, sipika yozungulira imene inapangidwira ogani. Zonsezi zinachitika pa tepi ya ma track anayi okha, ndipo nyimbo zambiri za m'chimbalechi gululo silinkaziimba pa siteji.

Kwa Pink Floyd kusinthaku kunabwera ndi anthu. The Piper at the Gates of Dawn cha mu Ogasiti 1967 chinadzaza ndi nyimbo za Syd Barrett. Pofika Juni 1968, pamene A Saucerful of Secrets chinatuluka, David Gilmour anali atalowa, Barrett atachoka, ndipo pakati pa chimbalecho panali nyimbo ya mphindi pafupifupi 12 yopanda vesi, yomangidwa ndi ogani, ng'oma zobwerezabwereza ndi gitala yodutsa mu echo. Tame Impala ya Kevin Parker wa ku Perth, Australia, ndiyo ili pafupi ndi momwe ambiri a ife tikugwirira ntchito lero, munthu kujambula yekha pafupifupi chida chilichonse. Innerspeaker cha 2010 ndi chimbale cha magitala odutsa mu fuzz, imene imachititsa gitala kubangula, ndi phaser, imene imazunguliritsa mawu. Lonerism cha 2012, chimene mbali ina anakajambulira ku Paris, chinadzaza ndi ma synthesizer, ndipo ntchito yaikulu inachitikira mu pulogalamu ya pa kompyuta ya Ableton Live. Dave Fridmann ndi amene anamikisa zimbale zonse ziwiri. Ndipo tisaiwale anansi athu a ku Zambia. Gulu la WITCH la Emmanuel Jagari Chanda linayamba ndi Introduction, kenako In the Past mu 1974 ndi Lazy Bones!! mu 1975. Mukazimvera motsatana mumva fuzz ikunka nilemera, popanda kompyuta ngakhale imodzi m'chipindamo.

Pa onsewa zida zimasanjikizana, ndipo effect, kaya ndi fuzz, phaser kapena echo, imasiya kukhala mchere wowaza pamwamba n'kukhala ufa weniweni wa nsimayo. Pa chimbale choyamba mukhoza kuchotsa phaser nyimbo n'kutsalabe. Pa chachiwiri mukaichotsa, gawo lonse la nyimbo limagwa. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa ndi imene imachititsa kuti nkhani ya malipiro ikhale yowawa.

Pa fuzz palibe mpikisano, pedulo yapambana, ndipo chifukwa chake ndi cha magetsi. Fuzz ya mtundu wa Fuzz Face ili ndi ma transistor awiri okha, ndipo imakoka mwachindunji kuchokera ku ma pickup a gitala, timaginito totola kulira kwa nsambo. Choncho kabatani ka voliyumu ka pa gitala kamasanduka mbali ya peduloyo. Pa 10 gitala imabangula. Mukatsitsa kufika pa 7 kulira kumayera ngati belu, koma kumakalipabe mukakanda nsambo mwamphamvu. Woimba wabwino amayenda pakati pa malo awiriwa ndi chala chaching'ono nyimbo ili m'kati, vesi yofewa, kolasi yaukali, osaponda kalikonse. Mukalowetsa gitala mwachindunji mu sound card, kabokosi kolowetsera mawu mu kompyuta, pa khomo la gitala la Hi-Z la pafupifupi 1 megaohm, ubale uja wa pickup ndi transistor umaduka. Plugin imangolandira manambala. Kubangula kwa pa 10 imatsanzira bwino ndithu, koma ulendo wa pakati pa 10 ndi 7 suufika.

Fuzz ili ndi malamulo ake. Ikhale yoyamba kuchokera ku gitala, patsogolo pa tuner ndi china chilichonse. Mapedulo ambiri, monga a Boss, ali ndi buffer, kagawo ka magetsi kolimbitsa mawu a gitala, imene imagwirabe ntchito ngakhale pedulo itazimitsidwa, ndipo buffer ikakhala patsogolo pa fuzz yamtunduwu kulira kumakhala kopyapyala, kolasa m'makutu, kuyera kuja kwa pa 7 n'kusowa. Pogula sankhani ya silicon. Ya germanium ndi yokoma, koma imatengeka ndi kutentha. M'chipinda cha malata ku Kawale kapena ku Area 23 mu Okutobala, fuzz imene inalira bwino 8 koloko m'mawa imayamba kutsamwa 2 koloko masana, mawu kuduka msanga ngati batire latha, ndipo gitala yachiwiri imene mwawonjezera masanawo sigwirizana ndi ya m'mawa ija. Komanso za germanium zambiri zimalumikizidwa mozondoka, mbali ya positive ndiyo imapita ku ground, ndiye simungaziike pa chingwe chimodzi cha magetsi ndi mapedulo ena. Fuzz imadya magetsi ochepa kwambiri, batire limodzi la 9V limakhalitsa, bola muzizula chingwe cha gitala mukamaliza, chifukwa chikakhala cholowetsa batire limapitirira kutha.

Pa phaser ndi flanger ndiyenera kuvomereza kuti kompyuta ili patsogolo. Pedulo ngati MXR Phase 90 kapena Small Stone ya Electro-Harmonix ndi yabwino pa gitala imodzi. Koma chimene anthu amachikonda pa zimbale zachiwiri zija ndi ng'oma zonse, kapena nyimbo yonse, kulowa mu flanger kwa masekondi 10 kenako n'kutulukamo. Mu kompyuta mumatumiza ng'oma zonse ku njira imodzi yotchedwa bus, kuika flanger pamenepo, n'kujambula mzere wa automation woitsegula pamalo okhawo mukufuna. Yambani ndi delay ya pakati pa 1 ndi 5 ms (1,000 ms ndi sekondi imodzi), liwiro la 0.1 mpaka 0.2 Hz kuti kuzungulira kumodzi kutenge masekondi 5 mpaka 10, feedback yosapitirira theka, ndi mix ya 50 pa 50, chifukwa mpamene kuzama kwake kumamveka kwambiri. Cholakwika chofala ndi kulowetsamo besi ndi ng'oma yaikulu. Mawu apansi amayamba kubwera ndi kuchoka, nyimbo n'kumatsimphina. Dulani zonse za pansi pa 150 Hz pa njira yopita ku flanger, kuti tsinde la nyimbo liime nji pamene nthambi zikugwedezeka.

Mukamaliza, dinani batani la mono mumvere. Anthu athu ambiri adzamvera nyimboyo pa foni, pa kasipika ka Bluetooth kamodzi pa khonde, kapena mu minibasi ya ku Area 25 imene sipika yake ina inafa kalekale. Phaser kapena chorus yotambasulidwa kwambiri kumanzere ndi kumanja imafafanizana yokha ikabwera pa sipika imodzi, ndipo gitala imene mu hedifoni inkamveka ngati nyanja imasowa. Ikasowa, chepetsani kutambasukako mpaka ibwerere.

Delay, imene imabwereza mawu ngati echo, ndi pamene njira ziwirizi zimagundana mofanana. Masamu ake ndi amodzi: 60,000 kugawa ndi BPM, kuchuluka kwa kugunda kwa nyimbo pa mphindi imodzi. Nyimbo ya 120 BPM imafuna 500 ms kuti kubwereza kugwe pa kugunda kulikonse, kapena 375 ms kuti kugwe pakatikati mothamanga. Ya 100 BPM imafuna 600 ms kapena 450 ms. Mu kompyuta mumangolemba nambalayo. Pa pedulo ya analog mumafufuza ndi khutu, ndipo dziwani malire ake musanagule: MXR Carbon Copy imathera pa 600 ms, kutanthauza kuti nyimbo yochedwa kuposa 100 BPM, zimene zili zambiri mu psychedelic rock, siingapeze kubwereza kwa kugunda kwathunthu. Ubwino wa analog ndi wakuti kubwereza kulikonse kumanka kuda, kumabisala kumbuyo kwa woimba osalimbana naye. Pa plugin mukhoza kuyandikira pamenepo podula za pamwamba pa 3 kHz ndi za pansi pa 200 Hz pa delay yokhayo. Chimene mbewa ya kompyuta siingakupatseni ndi dzanja: woimba kugwada pansi, kukweza feedback mpaka delay iyambe kudzilira yokha, n'kupotoza nthawi kuti mawu akwere ndi kutsika ngati mphepo ya mkuntho. Pochita zimenezi tsitsani ampu, chifukwa phokosolo limakwera mwadzidzidzi ndipo likhoza kung'amba sipika.

Reverb ndi synthesizer musaziganizire nkomwe kawiri, ndi za mu kompyuta, kiyibodi ya MIDI ya makiyi 49 ndi yokwanira.

Vuto la kompyuta limene oimba gitala amalimva m'zala ndi kuchedwa kwa mawu. Buffer ya mu kompyuta, kuchuluka kwa tizigawo ta mawu timene imasonkhanitsa isanatulutse, ikakhala 128 pa 48 kHz imachedwetsa ndi 2.7 ms polowa ndi inanso 2.7 ms potuluka, ndipo zimenezo munthu amapirira. Koma chimbale chachiwiri chimakhala ndi ma track 30 kapena 40, laputopu ya kaunjika imayamba kuthetheka, wojambula n'kukweza buffer kufika pa 1024. Pamenepo kuchedwa ndi 21 ms mbali imodzi yokha. Woimba amakanda nsambo, mawu n'kubwera pambuyo, ndipo mosazindikira amayamba kuthamangira patsogolo pa ng'oma. Anthu amamunena kuti sakusunga nthawi pamene wolakwa ndi makina. Ndi mapedulo ndi ampu vuto limeneli kulibe. Ngati mukujambulira mu kompyuta, malizani magitala onse ma track asanachuluke, kapena chitani freeze ma track olemera, kuwasindikiza kwa kanthawi kukhala mawu, kuti buffer ibwerere pa 128.

Magetsi ndi amene amapha mapedulo ambiri kuno. Pedulo wamba imafuna 9V DC, pulagi ya 2.1 mm, pakati pake pali negative. Adaputa ya router kapena ya dikoda nthawi zambiri ndi ya 12V, pakati pake pali positive, ndipo imalowa bwinobwino pa bowo lomwelo. Munthu amaiona ili pa tebulo, n'kuilowetsa, kafungo ka chopserera n'kumveka, pedulo yapita. Mangani tepi yofiira pa ma adaputa a mapedulo ndipo ena onse asayandikire. Chingwe chimodzi chogawira mapedulo asanu chimagwira ngati onse ali a analog, amene amadya pakati pa 5 ndi 30 mA iliyonse, koma mukaikapo ya digital yodya 100 mA kapena kuposerapo mumva kaphokoso kolira m'mwamba, ndipo fuzz imakakuza kakhumi. Ampu yochokera ku America ndi ya 120V pamene athu ndi a 230V, ndiye popanda thiransifoma yotsitsa musailowetse pa khoma.

Nyumba zambiri za lendi zilibe waya wa earth wogwira ntchito, ndipo gitala ya ma pickup a single coil imatola kaphokoso kakuti mmmm ka 50 Hz. Khalani pa mpando, tembenukani pang'onopang'ono gitala ili m'manja mpaka kaphokosoko katsike, ndipo jambulani mutayang'ana mbali imeneyo. Zimitsani furiji ndi mababu otchipa a LED. Invata yotchipa imalowetsa phokoso lakuti zzzz mu ampu, choncho ikhale ya pure sine wave. Magetsi akathima zulani ampu pa khoma asanabwerere. Apa kompyuta ili ndi mwayi wake: laputopu ndi sound card ya USB zimayenda pa batire, ndipo nthawi zambiri zimajambula moyera chaja itazulidwa. Komanso kuyambira Disembala mpaka Malichi, mvula ikamagunda malata, maikolofoni ya pa ampu ilibe ntchito, pamene wojambulira mwachindunji mu hedifoni amapitiriza.

Za mtengo wogulira ndinena mwachidule. Pedulo yoitanitsa kunja simalipira mtengo mwauona pa intaneti wokha ayi, msonkho wa kasitomu ndi VAT amawerengera pa mtengo wa katunduyo pamodzi ndi wa ulendo wake. N'zowawa, koma mumalipira kamodzi ndipo mumadziwiratu.

Tsopano tifike pa chimene chimandipweteka. Makampani ena a ma plugin anasiya kukankhira anthu kugula, pano akukopa anthu kuti azibwereka pa mwezi. Amakuonetsani mndandanda wa ma plugin ambirimbiri, echo ya tepi, ma phaser akale, ma compressor odziwika, onse pa madola ochepa pa mwezi, mwezi woyamba mwinanso waulere. Kwa gulu limene lasonkha movutikira, zimaoneka ngati mwayi wagwa kumwamba. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nyerere yoyamba ndi yakuti malipirowo ndi a m'madola ndipo chimbale sichitha mwezi umodzi. Oimba ali pa ntchito, wina ali pa sukulu, mumakumana Loweruka lokha, ndipo chimbale chosanjikiza chotere chimadya miyezi yambiri. Mwezi uliwonse ndalama ikuchoka, kaya mwajambula kaya simunajambule. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, ndipo amene anali pakati pa chimbale anadzuka ngongole yawo ya pamwezi itakwera popanda plugin imodzi yowonjezeka. Ndalama zakunja zikasowa, khadi la kubanki limakanidwa ngakhale mu akaunti muli makwacha okwanira. Onjezanipo bandulo yokopera ma plugin olemera ma gigabyte angapo, ndi inanso yoti pulogalamu ya layisensi izitsimikiza pa intaneti kuti mwalipira.

Koma nyerere yoluma kwenikweni ndi imene imachitika malipiro akaduka. Taganizani woimba wakwera minibasi kuchokera ku Likuni kudzakonza mzere umodzi wa vesi yachiwiri. Wojambula atsegula pulojekiti. Pa sikirini pabwera kabokosi konena kuti layisensi yatha, kenako kena, kenako kena. Adina play. Gitala imene miyezi itatu yapitayo inkadzaza chipinda ikumveka youma gwa, ngati ya mwana wophunzira. Ng'oma zija zinkauluka ngati ndege zangoima. Ma plugin ena amangokhala chete n'kutseka track yonse. Nyimbo zonse khumi zili momwemo. Ndipo kumbukirani chija ndanena poyamba: pa chimbale chachiwiri effect ndiyo nyimbo. Woimba nyimbo za uzimu kapena za afro pop akataya reverb amasintha n'kuika ina, ntchito n'kupitirira. Inu mwataya gawo la pakati lonse limene munalimanga pa liwiro la phaser imeneyo ndi mchira wa echo imeneyo, ndipo plugin ina siidzagwa pa malo omwewo ngakhale mutakopera manambala onse.

Nkhaniyi sithera pamenepo. Mukatenga pulojekitiyo kupita nayo kwa wina kuti akamikise, nayenso ayenera kukhala ndi ma plugin omwewo, apo ayi atsegula chinthu chouma chomwecho. Pakapita zaka ziwiri wina akafuna nyimbo yanu yopanda mawu kuti aiike mu filimu, muyenera kulipiranso mwezi wina kuti mungotsegula ntchito yanu yomwe. Nyimbo munalemba nokha, munaimba nokha, mwinanso munailembetsa ku COSOMA m'dzina lanu, koma kiyi wa chitseko chake ali ndi munthu wina kutsidya kwa nyanja. Chimenechi sindingachikhululukire, ndipo palibe kukoma kwa echo kumene kungandisinthe maganizo.

Ena amathawira ku ma plugin obedwa opatsana pa fulashi. Kumeneko mavuto ake ndi ma virus, pulojekiti kudzitsekera yokha pakati pa kujambula, ndi kusagwirizana kwa ma version, moti pulojekiti yotsegulidwa pa kompyuta ina imaiwala zonse munaika. Ndi msampha womwewo wovala malaya ena.

Yerekezani ndi pedulo. Mukaigula ndi yanu. Mukhoza kuibwereketsa kwa mnzanu wa gulu lina, kuigulitsa zinthu zikavuta, kapena kusinthana ndi ina. Fuzz ya analog ili ndi tizipangizo tochepa kwambiri, ndipo ngati ndi ya miyendo yolowa m'mabowo, katswiri aliyense wokonza mawailesi ku Old Town akhoza kusintha switch, jack kapena capacitor ndi chowotcherera chake. Zimene zimafa kawirikawiri ndi switch yopondera ndi waya wa batire, ndipo zonsezo n'zokonzeka.

Sindikunena kuti pulogalamu iliyonse ndi msampha. Reaper mumaiyesa masiku 60, ndipo layisensi ya munthu payekha ndi madola 60 kamodzi. FL Studio, imene ambiri kuno anaizolowera, mumagula kamodzi ndipo ma version atsopano amabwera ulere, koma samalani: mtundu wake wotchipa wa Fruity sujambula mawu a maikolofoni kapena gitala, muyenera kuyambira pa Producer. Kampani ya Valhalla imapereka ulere Supermassive, Freq Echo ndi Space Modulator, ndipo zitatuzi zokha zikukwanira reverb yaitali, echo ndi flanger za chimbale chonse. TAL-Chorus-LX, yotsanzira chorus ya Roland Juno-60, nayonso ndi yaulere. Amene ali ndi zimenezi alibe chifukwa chobwerekera kalikonse pa mwezi.

Pa siteji, kaya ndi ku Tumaini ku Dzaleka kapena ku Lake of Stars, nthawi yosinthana magulu ndi yochepa, ndipo bolodi la mapedulo limafuna zingwe ziwiri basi. Laputopu pa fumbi ndi dzuwa ndi nkhawa yowonjezera. Nyimbo imene munaimanga yonse mu kompyuta mudzafunika kuiphunziranso mwa njira ina kuti iimbike pamaso pa anthu.

Ndalama zikanakhala m'manja mwanga ndikanazigawa motere. Choyamba fuzz ya silicon, chachiwiri delay ya analog, chachitatu adaputa yabwino ya mapedulo yokhala ndi makomo odzipatula. Phaser ya pansi idikire mpaka ndalama ina ipezeke. Zotsala zipite ku sound card ya makomo anayi, kuti ng'oma zijambulidwe ndi maikolofoni anayi: imodzi pa ng'oma yaikulu, ina pa snare, ziwiri pamwamba zotalikirana mofanana ndi pakati pa snare. Yezani mtundawo ndi chingwe, chifukwa zikasiyana ngakhale ndi masentimita ochepa snare imaphwa. Pulogalamu ikhale yogula kamodzi.

Pojambula gitala, gawani mawu pambuyo pa fuzz, osati patsogolo pake, kuti ubale uja ndi pickup usasokonezeke. Gitala ilowe mu fuzz, fuzz ilowe mu DI box, kabokosi kogawira mawu njira ziwiri. Kuchokera pamenepo njira ina ipite ku delay ndi ampu, maikolofoni ngati Shure SM57 ili pafupi ndi nsalu ya sipika, cha pambali pang'ono pa pakati. Njira inayo ipite mwachindunji ku sound card. Mukatero muli ndi ma track awiri: ya ampu yokhala ndi delay ya dzanja, ndi ina ya fuzz yokha imene mungaiike phaser kapena echo ina pambuyo pake. Ya DI imamveka ngati njuchi ikakhala yokha, ndiye iikeni plugin yotsanzira bokosi la sipika. Jambulani pa 24 bit, mawu okwera kwambiri azithera cha pa -12 dB. Mukapeza kamvekedwe kabwino, tolani chithunzi cha mabatani a mapedulo ndi a ampu pa foni, chifukwa Loweruka likudzalo palibe adzakumbukire.

Ndipo plugin iliyonse imene mwagwiritsa ntchito, yogula, yaulere kapena yobwereka, isindikizeni kukhala mawu tsiku lomwelo nyimbo yakhazikika. Tulutsani track iliyonse ngati WAV ya 24 bit ndi 48 kHz kuyambira pa chiyambi penipeni pa nyimbo, ngakhale gitalayo ikulowa pa mphindi yachitatu, kuti mafayilo onse adzayambire pamodzi mu pulogalamu iliyonse. Tulutsani kawiri, yokhala ndi effect ndi yopanda effect, ndipo siyani masekondi 10 kumapeto kuti mchira wa echo usaduke. Track imodzi ya mono imadya pafupifupi 8.6 MB pa mphindi. Nyimbo ya mphindi 6 ya ma track 30 ndi 1.5 GB youma, ndipo pamodzi ndi za effect za stereo imafika cha pa 4.7 GB. Nyimbo khumi zimakwana pa fulashi ya 64 GB. Hendrix anaiwala tepi ya mbali yoyamba ya Axis: Bold as Love mu takisi ku London, ndipo anatha kuimikisanso usiku umodzi ndi Kramer ndi Chas Chandler, amene ankayang'anira kujambula kwa chimbalecho, chifukwa matepi a ma track anayi aja analipo. Gulani mafulashi awiri, ina ikhale ku situdiyo, ina izigona kunyumba kwa woimba ng'oma, ndipo muziikopera mwatsopano Loweruka lililonse musanabalalike.